Kuphunzitsa za Ulusi wa Thonje ndi Nsalu Zoluka Ana Asanagwire Lumo

Chaka chatha, pamene tinali kuyendera ophunzira athu amene anali kuyeserera uphunzitsi m'sukulu za kumidzi, tinapeza mmodzi wa iwo ali wokhumudwa kwambiri. Iye anaphunzitsa ana a Sitandade 7 kusoka kamalaya ka khanda. Makolo anasonkha ndalama nagula nsalu yofeŵa, ya mtundu umene amasokera masikipa. Anawo anayeza bwino, anadula motsata pepala, ndipo misoko yawo inali yoongoka ndithu. Koma timalayato titayesedwa pa makanda, mitu inakanika kuloŵa, ndipo pamene mayi wina anakoka khosi kuti litanuke, msoko unathetheka nuduka. Tina titachapidwa tinapotoka, kotero kuti msoko wa m'mbali unadzafika pamimba. Makolo anati mphunzitsi wawaonongera ndalama.

Sitinamdzudzule mphunzitsiyo, pakuti mbali yaikulu ya cholakwacho inali yathu. Tinamphunzitsa misoko ya mitundumitundu, koma za nsalu imene misokoyo idzakhalepo tinangolambalala. Iye anasoka nsalu yoluka monga momwe akanasokera chitenje. M'nkhani ino tifuna kukonza cholakwa chimenecho, ndi kusonyeza njira yophunzitsira ana kuzindikira ulusi ndi nsalu ndi zala zawo, lumo lisanatuluke m'kabati.

Kuluka ndi kuomba

Vuto loyamba lili m'chinenero chathu chomwe. Timati kuluka lichero, kuluka tsitsi, kuluka juzi. Mawu ndi amodzi koma ntchito nzosiyana. Polukapo lichero, nsungwi zina zimagona m'litali, zina nkumazidutsa mopingasa, pamwamba ndi pansi. Umu ndi mmene nsalu ya chitenje ndi ya malaya a sukulu imapangidwira, ndipo pa nsalu ntchito imeneyi timaitcha kuomba. Juzi ndi ina. Ulusi wake ndi umodzi umene umapindidwa kukhala timaso, kadiso kalikonse nkumakoloŵekedwa mwa kanzake, ngati mmene maso a ukonde amagwirirana. Nsalu yoomba siitanuka kwenikweni chifukwa ulusi wake uli kale chiongokere. Yoluka imatanuka chifukwa timaso tija timaphwanyuka tikakokedwa, nkubwereranso tikasiyidwa.

Mphunzitsi asangolemba zimenezi pa bolodi. Apatse gulu lililonse la ana kachidutswa ka chitenje ndi sokosi yakutha, nawauze kuti asolole ulusi. Pa chitenje adzasolola ulusi waufupi, woongoka, umodziumodzi, kuchokera mbali ziŵiri. Pa sokosi adzagwira nsonga imodzi imene idzamasuka mzere ndi mzere, ulusi wake uli wopindikapindika. Mwana amene wadzionera yekha zimenezi sadzasokonezanso mitundu iŵiriyi. Ana ambiri sadziŵa kuti sikipa imene avala njoluka monga juzi, chifukwa timaso take ntating'ono kwambiri. Kuiunika pa dzuŵa atatanula pang'ono kumawadabwitsa.

Za ulusi

Ana a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga amalidziŵa thonje kuposa ife, popeza amalitola okha m'munda. Kupota sikwachilendonso kuno. Pamene David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zawozawo. Ndi bwino kuti ana amve zimenezi, chifukwa ena amaganiza kuti nsalu inayamba ndi sitolo.

Tengani thonje lochotsa njere, mulikoke pang'onopang'ono: lidzaduka msanga. Tsono mulipote pantchafu monga timachitira ndi chingwe cha khonje, ndipo mudzaona kuti lalimba. Mphamvu ya ulusi ili m'kupotako, pakuti ubweya wa thonje ndi waufupi, ndipo umagwirana pokhapokha utapotedwa. Thonje lofala pa dziko lapansi, limenenso timalima kuno, lili ndi ubweya wa mamilimita pakati pa 25 ndi 30. La ku Egypt ndi lotchedwa Pima lili ndi ubweya wautali koposa, ndipo nchifukwa chake ulusi wake umatha kukhala wopyapyala koma wolimba.

Ku fakitale, thonje lonse limadutsa m'makina a mano a waya amene amalimasula ndi kuligoneka mbali imodzi. Ulusi wopotedwa likangochoka apa umatchedwa carded. Uli ndi tiubweya tambiri totuluka m'mbali, ndipo ngotsika mtengo. Thonje lina limapitirira ku makina ena amene amalipesa, nkuchotsa ubweya wonse waufupi. Ulusi wake, wotchedwa combed, ngosalala, ndipo chovala chake sichichita timibulu msanga. Anthu ogula zovala za kaunjika amadziŵa kusiyanitsa ziŵirizi pongokhudza, ngakhale mayinawo sanawamvepo. Palinso ulusi wonyezimira umene umaviikidwa m'madzi a soda waukali uli chikokere. Njirayi inayambira kwa John Mercer wa ku England mu 1844, ndipo ulusi wambiri wosokera ndi wopetera umakonzedwa motero.

Chinthu chimene mphunzitsi wathu uja sanachidziŵe ndi mbali imene ulusi wapotedwera. Mukaimika ulusi nkuuyang'anitsitsa, mizere yake imapendekera mbali imodzi: kapena monga pakati pa chilembo cha Z, kapena monga pakati pa chilembo cha S. Ulusi wa thonje wa chingwe chimodzi kaŵirikaŵiri umapotedwa mwa Z. Ulusi wotere sukhala chete, umafuna kudzimasula. Auzeni ana apote ulusi kwambiri, kenaka ayandikizitse manja awo: udzadzipiringiza wokha. Mphamvu yomweyo ikakhala m'nsalu yoluka ndi ulusi umodzi, imapendeketsa mizere ya timaso, makamaka nsaluyo ikanyowa. Apa mpamene panachokera msoko wofika pamimba uja. Ulusi wa zingwe ziŵiri suchita zotere, popeza zingwezo amazipota pamodzi mobwerera, mwa S, ndipo mphamvu ziŵirizo zimathana.

Nambala ya ulusi

Pa malonda a thonje kukula kwa ulusi kumatchulidwa ndi nambala, ndipo apa ana amasokonezeka ngati sitisamala. Pa muyeso wakale wa ku England, wolembedwa Ne, amaŵerenga mikukutu ya mayadi 840 imene ingakwane paundi imodzi. Ulusi wa Ne 30 ndiye kuti mikukutu 30 yotere imalemera paundi imodzi, ndiwo mayadi 25,200, kapena makilomita 23. Motero nambala ikamakula, ulusi ukunka nuchepa: Ne 40 ngwopyapyala kuposa Ne 20. Masikipa ambiri amalukidwa ndi ulusi wa Ne 30 kapena woyandikira pamenepo. Muyeso wina, wotchedwa tex, umaŵerenga magalamu a ulusi wotalika mamita 1,000, ndipo pamenepa nambala yaikulu ndiyo ya ulusi wonenepa. Ne 30 ndi pafupifupi tex 20.

Ife tiona kuti kwa ana a pulayimale nkokwanira kudziŵa kuti miyeso ilipo iŵiri ndi kuti imayenda motsutsana. Mphunzitsi amene amaphunzitsanso masamu angatengepo mafunso abwino a kuchulukitsa, koma asasandutse phunziro la zosokasoka kukhala la kuloŵeza manambala.

Mitundu ya nsalu zoluka

Makina olukira si a dzulo; William Lee wa ku England anapanga oyamba, olukira masokosi, mu 1589. Makina a masiku ano ambiri ngozungulira, ndipo nsalu imatuluka ngati thumba lopanda msoko. Koma timaso take nchimodzimodzi ndi timene mwana amapanga ndi masipoko aŵiri a njinga. Nchifukwa chake timalangiza kuti ana ayambe aluka okha kachidutswa ka mizere 10 kapena 15 ndi ulusi wonenepa, kuti aone mizere yotsika ndi mizere yopingasa pa chinthu chachikulu, asanaifunefune pa sikipa.

Mtundu wofala kwambiri ndi jersey, nsalu ya masikipa. Kumaso kwake kuli mizere yotsika ya timaso tooneka ngati chilembo cha V. Kumbuyo kuli timizere topingasa tokhotakhota. Ikadulidwa, m'mphepete mwake mumapindika mokha, ndipo kadiso kamodzi kakaduka, mzere wonse ungathe kumasuka kutsika pansi. Iyi ndiyo imapotoka ikachapidwa, ndipo ndiyo imavuta kwambiri kwa wophunzira kusoka, ngakhale kuti ndiyo yotsika mtengo.

Rib ili ndi mizere yotumphuka ndi yoloŵa mosinthana, mbali zonse ziŵiri. Imatanuka kwambiri m'lifupi ndi kubwerera msanga, ndipo mpake kuti imaikidwa m'khosi, m'manja ndi kukamwa kwa sokosi. Timalaya ta makanda tija tikanakhala ndi kalamba ka rib m'khosi, mitu ikanaloŵa popanda vuto.

Interlock ili ngati nsalu ziŵiri za rib zolukidwa moloŵerana. Mbali zake zonse nzosalala ndi zofanana, njochindikala pang'ono, ndipo siipindika m'mphepete. Kwa ife, iyi ndiyo yoyenera kuyambira nayo ana, ndiponso njabwino pa zovala za makanda. Makolo akafuna kusonkhanso ndalama, mphunzitsi apite yekha kukasankha, ndipo akayang'ane mbali zonse ziŵiri za nsaluyo asanalipire.

Pique ndi ya masikipa a kolala, yokhala ndi timaenje ngati zisa za njuchi, ndipo fleece ndi ya zovala za nyengo yozizira, yokhala ndi ubweya mkati. Ana angoziona ndi kuzikhudza. Sitifunika kutayapo nthaŵi.

Zipangizo za phunziroli sizifuna ndalama. Sikipa imodzi yakutha ili kale ndi jersey m'thupi ndi rib m'khosi. Telala wa pamsika ali ndi zidutswa zimene amataya, ndipo akapemphedwa mwaulemu sakana. Kuti mudziŵe ngati nsalu ili ya thonje lenileni, tenthani kaulusi kake: thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa, ndi kusiya phulusa lofeŵa, pamene polyester imasungunuka nkusiya kambulu kolimba. Kuyesa kumeneku achite mphunzitsi yekha, kunja, madzi ali pafupi.

Podula ndi posoka

Tsopano ana angathe kupatsidwa lumo, koma atayankha mafunso aŵiri pa nsalu imene ili patsogolo pawo: kodi njoomba kapena njoluka, nanga imatanukira mbali iti? Ayeze masentimita 10 m'lifupi, akoke pa rula mosakakamiza, alembe pamene yafika. Achitenso chimodzimodzi m'litali. Mbali yotanuka kwambiri iyenera kuzungulira thupi, mizere yotsika ija nkutsika kuchokera paphewa kunka kumunsi. Ena mwa ana a mphunzitsi wathu anagoneka pepala mopingasa pofuna kusunga nsalu, ndipo timalaya tawo tinatanukira pansi m'malo motanukira m'mbali.

Nsalu yoluka ya thonje imabwerera ikachapidwa koyamba, makamaka m'litali, chifukwa ku fakitale imakulungidwa ili chikokere. Ichapidwe tsono isanadulidwe, iyanikidwe chogona pamthunzi, ndipo podula igone yonse patebulo kapena pamphasa, popanda mbali yolendeŵera. Ikapotoka pochapapo, mwaonapo mwayi: mudzadula motsata mizere ya timaso, osati motsata m'mphepete.

Msoko uyenera kutanuka pamodzi ndi nsalu. Matelala amene ali ndi makina a overlock kapena osoka zigizagi savutika nazo. Sukulu zathu zambiri zili ndi makina a manja osoka mzere woongoka wokha, ndipo zina zilibe ngakhale amenewo. Pa makina otere, mwana atanule nsalu pang'ono pamene ikuloŵa pansi pa singano, kuti ikabwerera msoko ukhale ndi ulusi wotsalira. Asokenso mzere wachiŵiri pafupi ndi woyambawo. Posoka pamanja, msoko wobwerera m'mbuyo ndiwo wabwino, malinga ulusi usakokedwe zolimba. Ulusi wosokera wa polyester umapirira kukokedwa kuposa wa thonje. Singano ya makina ikhale ya nsonga yobulungira ngati ipezeka, popeza yotere imadutsa pakati pa timaso, pamene yakuthwa kapena yobuntha imadula ulusi ndi kusiya timabowo timene timaoneka chovala chitachapidwa kaŵiri kapena katatu. Paphewa pokha ndi pamene sitifuna kutanuka. Pamenepo sokereranipo kansalu koomba kopyapyala kuti phewa lisagwe.

Zonsezi zimatenga maphunziro atatu: loyamba la kusolola ndi kupota ulusi, lachiŵiri la kuluka kachidutswa ndi kusanja zidutswa m'mitundu yake, lachitatu la kuyeza katanukidwe ndi kuyesa misoko. Pa phunziro lachitatuli mwana aliyense asoke zidutswa ziŵiri za sikipa yakutha, china ndi msoko wothina, china ndi wotayako, kenaka azikoke pamaso pa anzake mpaka umodzi uduke. Nsalu yogula ndi ndalama za makolo itulutsidwe pa phunziro lachinayi.