Nkhokwe ya m'mafupa

Ana anga, ine ndinathyoka fupa la msana ndikuwerama kuti ndinyamule mdzukulu. Sindinagwe. Sindinagundidwe. Ndinangowerama, msana n'kuti thyo! Ndinali ndi zaka 62, ndili ku Leeds komwe ndinkasamalira okalamba. Atandijambula, adokotala anati mafupa anga afumbwa mkati ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Matendawa amawatcha osteoporosis.

Ndinadzifumbwitsa ndekha. Kuyambira utsikana wanga ndinkadwala mphumu, ndipo ndinaona kuti mapiritsi a prednisolone amandipatsa mpumulo. Ndinkagula ndekha, kumwa ndekha, zaka ndi zaka. Safunsa anadya phula. Mapiritsi amenewa amapulumutsa moyo akaperekedwa ndi dokotala, koma ukawazolowera amadya mafupa mwakachetechete. Mkaka ndinkaunyoza. Usipa ndinkati ndi ndiwo za amphawi. Nditafika ku Leeds, dzuwa limene limathandiza khungu kupanga vitamini D ndinkangolionera pawindo. Kenako ndinasiya kusamba, nthawi imene mafupa a mayi amatha mofulumira.

Tcherani khutu. Pakhosi apa, kuseri kwa chithokomiro, pali tinthu tinayi, kalikonse ngati kambewu ka mpunga, totchedwa parathyroid. Timeneti ndi alonda a kashiamu wa m'magazi. Kashiamu akachepa, timatulutsa homoni youza impso kuti zisamutaye, komanso yokatapa wina m'mafupa. Mafupa ndiye nkhokwe: 99 peresenti ya kashiamu wa m'thupi ali m'mafupa ndi m'mano. Mtima sudikira. Minyewa sidikira. Ukapanda kudya zoyenera, thupi limatapa m'nkhokwe. Litapa lero, litapa mawa. Ndipo nkhokweyi imadzazidwa munthu asanapitirire zaka pafupifupi 30. Inu muli m'nyengo yokolola. Ine nyengo yanga ndinaigona.

Tsono idyani usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake. Bonongwe musamuseke. Yendani pansi, thamangani, limani, chifukwa fupa limalimba likamasenza. Fodya ayi. Kuledzera ayi. Ndipo inu atsikana amene mukumwa dexamethasone kuti munenepe, mankhwala amenewo ali pachibale ndi amene anandipha msana ine. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Mwina mukuti, aaa, mankhwala alipo. Alipodi, ndipo ndawalawa. Anandilembera teriparatide, amene anavomerezedwa ku America mu 2002. Ndi chidutswa cha homoni yomwe ija ya pakhosi. Zinandidabwitsa, chifukwa homoniyo ikakhala yochuluka m'magazi usana ndi usiku imagumula mafupa. Koma ikabwera pang'ono, kamodzi patsiku, n'kuchoka, imadzutsa maselo omanga fupa latsopano. N'chifukwa chake umadzibaya tsiku lililonse, mamaikulogalamu 20, pantchafu kapena pamimba. Tsiku lililonse, ana anga. Ine amene ndinkathawa jakisoni wa kusukulu! Masiku oyamba ndinkachita chizungulire, mpaka ndinaphunzira kudzibaya nditakhala pansi. Mankhwalawo amakhala m'firiji, ndipo cholembera chobayira chimodzi chimatha masiku 28. Nditapita kumudzi ku maliro a achimwene, anthu akulira, ine mtima unali pa kachikwama ka ayezi, kuopa kuti magetsi akazima mankhwala awonongeka. Manyazi ake sindinawaiwale.

Anandipatsa kwa miyezi 24 yokha. Atandijambulanso, mafupa anali atalimbako, ndipo ndinavina m'khitchini.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri, ndili ndi imvi. Adokotala anandiuza momveka kuti zomwe jakisoni wamanga zimakokoloka ngati sulondoza ndi mankhwala ena. Anandipatsa alendronate, piritsi limodzi pa sabata. Umamwa m'mamawa usanadye kanthu, ndi tambula yodzaza madzi, ndipo sugona mpaka mphindi 30 zitadutsa. Ndinamwa miyezi itatu. Ndinati ndachira, zovuta zonsezi n'zachiyani. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine khutu ndinalitseka. Patapita zaka ziwiri ndinaterereka pakhomo, n'kutchinjiriza ndi dzanja. Mkono unathyoka pamfundo.

Lero ndafupika. Madiresi anga akale akukwekwereza pansi. Mtondo sindiuyandikira, ndowa sindiikhudza. Mdzukulu uja ankatambasula timanja kuti agogo mundibereke, ine n'kumamunamiza kuti mawa. Pano ndi wamkulu, amapita yekha kusukulu. Kumbuyo kwangaku sanagonepo.