Mantha a mayeso ndi mpweya umene timapuma



Ophunzira udokotala ali ndi mayeso otchedwa OSCE. Wophunzira amapatsidwa mphindi zochepa kuti ayeze wodwala woyesa akumuyang'ana, belu likalira amasamukira pamalo ena. Akasokonezeka pamalo oyamba n'kupita ndi mantha omwewo pamalo achiwiri, amaphonya ngakhale zimene amazidziwa bwino. Ana athu a Fomu 4 amene akulakalaka kukalowa ku KUHeS ayenera kudutsa kaye MSCE, ndipo mantha ake ndi omwewo.

Munthu wamkulu akakhala phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi. Akachita mantha amapuma mwaphuma, mwapachifuwa, n'kumataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mmene thupi likufunira. Apa m'pamene chizungulire chimabwera, zala zimachita dzanzi, zimene anawerenga zimabalalika. Mtima sitingaulamule kuti uleke kuthamanga, koma mpweya tingaulamule. Pamene tikutulutsa mpweya, mtsempha wotchedwa vagus umachepetsa liwiro la mtima. N'chifukwa chake kutulutsa kuyenera kutalika kuposa kukoka.

Tikhale pampando, mapazi pansi, dzanja pamimba. Tikoke mpweya ndi mphuno tikuwerenga chamumtima mpaka 4, mimba ikwere, mapewa asakwere. Kenako tiutulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Tikatero tipuma pafupifupi ka 6 pa mphindi. Mphindi ziwiri n'zokwanira. Amene akuona kuti 6 yatalika ayambe ndi 3 ndi 5, pasakhale kudzikakamiza. Wa mphumu asasiye mankhwala ake poganiza kuti izi zalowa m'malo mwake.

Kwa ife Asilamu kudekha si chinthu chachilendo. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani ya munthu amene anaswali mothamanga, ndipo Mtumiki (SAW) anamubweza katatu kuti akaswalinso, kenako anamuphunzitsa kukhazikika pa rukuu ndi pa sijida mpaka thupi litadekha. Mwana amene amajompha sijida ngati nkhuku pa chimanga adzavutika kukhala phee pamene pepala la Biology lili patsogolo pake.

Komabe tisasakanize zinthu. Swala ndi ibada, timaswalira Allah, si malo owerengera mpweya. Kuwerengako tichite tikapereka salaam, makamaka pambuyo pa Subhi kukadali zii, tsiku lililonse kuyambira pano. Thupi silingaphunzire njirayi m'mawa wa mayeso. Ndipo amene sanatsegule buku, kupuma sikungamubweretsere yankho.

M'chipinda cha mayeso, mapepala akamagawidwa, tinene Bismillah, tipume kasanu motere, kenako titembenuze pepala akatiloleza. Funso likatikanika, tipume kawiri n'kupita pa lina.

Makolo, mwana akabwera kuchokera ku mayeso musamufunse pakhomo pomwepo kuti walakwa angati. Mupatseni madzi ndi chakudya, aswali, agone msanga. Mawa kuli pepala lina.