Ofu yogulitsidwa

M'chipinda cha odwala mwakayakaya, chija amati ICU, namwino sakhala pansi. Ola lililonse amalemba kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima ndi mikodzo yotsikira m'thumba. Pakatha maola awiri amatembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda kumsana, amamupopa makhololo m'paipi ya makina opumira, amamudyetsa kudzera m'mphuno. Mwa dongosolo lake, wodwala wopuma ndi makina amafunika namwino wakewake. Koma kwathu kuno zipatala zazikulu za boma zoti n'kutumizako odwala otere n'zinayi zokha, Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, ndipo anamwino odziwa ntchito imeneyi ndi ochepa. Mpata wa lokamu, ntchito yapadera yolipidwa payokha, susowa.

Panali namwino wina wa m'chipinda chotere, mayi wa ana awiri, wa dzanja lofewa moti magadiyani ankachita kumufunsira dzina pakhomo. Anagula puloti, ana anali kusukulu yolipira, kumudzi ankayang'ana kwa iye. Malipiro a pamwezi atayamba kuperewera, anayamba kugulitsa masiku ake a ofu. Akaweruka naiti m'mawa, ankagona pang'ono, madzulo n'kuvalanso yunifomu. Sindimuimba mlandu wa dyera, poti ndalamayo inkapita pa fizi ndi simenti. Chimene chimandipweteka n'chakuti aliyense, kunyumba ndi kuntchito komwe, anazolowera kuti iyeyu satopa.

Kunyumba zinthu zinasintha mwakachetechete. Mwana wamkazi analeka kufunsa kuti, "Amayi, lero mugona kuno?" Nkhani zake zonse ankauza mtsikana wantchito. Bambo a kunyumba ankadya okha nsima yovundikira. Kukagwa maliro m'dera, iye ankangotumiza chipepeso, mpaka anansi anayamba kunong'onezana kuti ndi wodzimva.

Kenako mutu unayamba kumuwawa chakunkhongo. Mnzake wa pa wodi anamugwira mkono: "Asisi, takhalani apa ndikuyezeni bipi." Iye anati ayambe wamaliza bedi lachitatu. Makina oyezera anali pomwepo, ankawakulunga pamikono ya ena usiku wonse, koma wake sanaupereke. Anameza Panado. Inu amene mumagwira ntchito yosamalira ena, dziwani kuti bipi yokwera nthawi zambiri sichenjeza n'komwe. Ikafika popweteketsa mutu, si yoti mudikire kutha kwa mwezi.

M'mawa wina, akudikira minibasi ataweruka, chikwama chinamupulumuka m'dzanja lamanzere, pakamwa n'kupotoka. Inali sitiroko. Anamugoneka m'chipinda chomwe chija, ndipo anzake omwe ankasinthana naye mashifiti ndi amene ankamutembenuza.

Moyo anapulumuka nawo. Amayenda mokoka mwendo ndipo amapita ku fiziyo, koma dzanja lija silingathenso kubaya diripi. Nyumba yomwe ankamanga pa puloti paja inaima pa mawindo. Ana anawasamutsira kusukulu ya boma, ndipo wamkazi uja, yemwe ali mu Sitandade 7, ndi amene amawamanga amayi ake chitenje m'mawa asanapite kusukulu.