CUKU CA PA CIMANGA NDI NSHAWA: KODI POIZONI WAKE AMABWELA BWANJI?

M'mwezi wa August caka ca 2024, nkhani ya agalu amene anali kufa motsatizana inadzidzimutsa anthu mu Lusaka. Galu anali kuyamba ndi kukana cakudya, kenaka kusanza, maso n'kusanduka acikasu, ndipo patapita masiku ocepa n'kufa. Nduna ya zaumoyo ya panthawiyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'mwezi umodzi, ndi kuti mwa masampulo 25 otengedwa ku makampani ogaya cimanga, pafupifupi theka anapezeka ndi poizoni wochedwa aflatoxin wopitilila muyezo. Unga wokhudzidwa unacotsedwa m'masitolo. Sikunamveke kuti munthu wafa, koma mantha analipo ndithu, pakuti nsima imadyedwa ku Kabulonga monga mmene imadyedwela ku Kabwata ndi ku Chelstone.

Cuku si cinthu cacilendo. Mayi aliyense amene anasungapo nshawa m'thumba amacidziwa. Funso ndi lakuti: ngati cuku cimakhalapo caka ndi caka, n'cifukwa ninji poizoni anaculuka motelo m'caka cimeneco? Yankho lake lili mkati mwa cukuco.

Cuku ndi poizoni ndi zinthu ziwili

Cuku ndi camoyo, mbale wake wa bowa. Mitundu imene imavutitsa kwambili pa cimanga ndi nshawa ndi iwili, Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus. Imakhala m'nthaka, pa mapesi ndi pa zinyalala za m'munda, ndipo mbewu zake, zosaoneka ndi maso, zimauluka ndi mphepo. Ikamela pa cakudya imaoneka ngati fumbi lobiliwila mosakanikilana ndi cikasu. Aflatoxin ndi mankhwala amene cukuci cimatulutsa. Alibe fungo, alibe kukoma, ndipo cuku cikafa kapena cikapukutidwa, iye amatsala m'njele.

Dziko linamudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cokhala ndi nshawa zocokela ku Brazil. Zimene zinaonekela pa ziweto zinadzaonekelanso pa anthu. Mu 2004, m'maboma a Makueni ndi Kitui ndi madela ozungulila ku Kenya, anthu 317 anadwala ndipo 125 anafa atadya cimanga ca m'nkhokwe zawo zomwe.

Aflatoxin amamuyeza mu ppb, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo biliyoni. Ku America muyezo wololedwa m'cakudya ca anthu ndi 20 ppb, ndipo maiko a European Union amalola 4 ppb cabe pa nshawa zodya. Pa muyezo wa 20 ppb, thumba la unga la makilogilamu 25 limakhala ndi theka la miligilamu ya poizoni, kanthu kocepa ngati timibulu towelengeka ta mcele. Cimanga cina ca ku Kenya mu 2004 cinapitilila 1,000 ppb.

Malangizo olembedwa m'cuku

Camoyo ciliconse cili ndi malangizo olembedwa m'maselo ake, mu cinthu cochedwa DNA. Cigawo cimodzi ca malangizowa cimachedwa jini, zambili majini. Awa si majini aja amene asing'anga amati agwila munthu. Mawu cabe ndi amene afanana. Jini lili ngati tsamba limodzi la buku la kaphikidwe. Tsambalo lingakhale m'buku zaka zambili, koma ngati palibe wolitsegula ndi kuliwelenga, palibe cimene cimaphikidwa.

Kupanga aflatoxin si nchito ya jini limodzi. Pamafunika majini pafupifupi 30, amene akhala pamodzi mondondozana pa kolomozomu yacitatu mwa makolomozomu asanu ndi atatu a cukuci. Pafupifupi lililonse limapanga enzaimu yake, ndipo maenzaimuwo amapatsilana nchito monga anyamata otsitsa matumba mu lole pa Soweto Market: woyamba apatsa waciwili, waciwili apatsa wacitatu, mpaka poizoni atapangika. Pakati pa majiniwa pali limodzi lochedwa aflR, limene ndilo kapitawo. Ilo silipanga poizoni, koma limatulutsa puloteni imene imapita kukadzutsa majini enawo. Pambali pake pali lothandiza nalo lochedwa aflS. Kapitawo akagona, gulu lonse limagona, ndipo cuku cingathe kumela pa cimanga popanda kupanga poizoni wambili.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Cimanga ciwili cingakhale ndi cuku cofanana pocipenya, koma cina n'kukhala ndi poizoni woculuka kambilimbili kuposa cinzake. Ndiponso njele yooneka yoyela bwino ingakhale nayo poizoni mkati, cifukwa cuku cinalowela pa kabala kakang'ono. Maso amathandiza, koma sangathe kuweluza mlandu umenewu okha.

Nanga cimadzutsa kapitawo n'ciani? Coyamba ndi kutentha. Ofufuza anapeza kuti poizoni amapangika kwambili pa madigili 28 mpaka 30. Cocititsa cidwi n'cakuti pa madigili 37 cuku cimakula mofulumila ndithu, koma majini a poizoni amazilala. Motelo kukula kwa cuku ndi kupanga poizoni zili ndi maswichi osiyana. Caciwili ndi cinyontho: njele ikakhala yosauma bwino, cuku cimapeza madzi okwanila kuyendetsa nchito yake. Cacitatu ndi cakudya ca cukuco. Shuga ndi mafuta zimalimbikitsa majiniwa, ndiye cifukwa cake nshawa, zimene pafupifupi theka la kulemela kwake ndi mafuta, zimagwidwa kwambili.

Cacinayi, cimene anthu ambili saciyembekezela, ndi cilala. Munthu angaganize kuti cuku ndi vuto la mvula yokha. Koma mbewu ikavutika ndi ludzu, citetezo cake cimafooka. Khungu la njele ya cimanga limang'ambika, makoko saphimba bwino cisononkho, mbozi zimaboola, ndipo cuku cimalowa mosavuta. Nshawa imene ili ndi madzi okwanila imapanga mankhwala ake olimbana ndi cuku, koma nthaka ikauma ndi kutentha m'masabata otsiliza isanakumbidwe, imaleka kuwapanga. Cuku naco cimamva kupanikizika m'mbewu yovutikayo, ndipo kupanikizika kumeneko kumadzutsa majini a poizoni. Akatswili ambili aganiza kuti kupanga aflatoxin ndi njila imodzi imene cuku cimadzitetezela pa nthawi yovuta, mwina ndi kuthamangitsila tizilombo tolimbilana naco cakudya. Munthu ndi galu amangokodwa mu msampha umene sunachelede iwo.

Tsopano caka ca 2024 cimamveka. Pa 29 February caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi a cimanga atapselela mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene analimidwa. Cimanga cimene cinapulumuka cinakula movutika. Ndipo m'caka ca njala palibe amene amataya njele. Zimene pa caka cabwino zikanapita kudzala zimalowa m'thumba. Kafukufuku wa a Paul Kachapulula a pa University of Zambia ndi anzawo, wofalitsidwa mu 2017, anali ataonetsa kale kuti poizoniyu amaculuka kwambili m'mbewu za kumadela otentha ndi a mvula yocepa, kuzigwa za kum'mwela ndi kum'mawa, kuposa kumpoto kumene mvula imagwa yambili.

Pali cuku cinanso ca pa cimanga cochedwa Fusarium, cooneka cotuwa kapena cofiililako, cimene cili ndi gulu lake la majini opanga poizoni wina wochedwa fumonisin. Anamutulukila ku South Africa mu 1988. Njila zopewela n'zofanana kwambili.

Cuku copanda mano

Si cuku conse ca mtundu wa Aspergillus flavus cimene cingapange poizoni. Cina cinabadwa majini ena atasowa kapena atawonongeka, ngati buku lothothoka masamba. Akatswili a bungwe la IITA pamodzi ndi a Zambia Agriculture Research Institute, imene likulu lake lili ku Mount Makulu ku Chilanga, anasankha cuku cotele m'minda ya m'dziko lino ndi kupanga mankhwala ochedwa Aflasafe. Ndi njele za mapila zopakidwa mtundu wa buluu, zonyamula cuku copanda poizoni. Mlimi amamwaza makilogilamu 10 pa hekitala, masabata awili kapena atatu mbewu isanayambe maluwa. Cuku cabwinoco cimafika msanga pa mbewu ndi kulanda malo, motelo coipa cimasowa pokhala. M'maiko a mu Africa kumene njilayi yayesedwa, poizoni amatsika ndi 80 pelesenti kapena kuposa. Ndi nzelu yabwino, koma ndi ya kumunda. Wa m'tauni amagula zimene zakololedwa kale.

Zimene poizoni amacita m'thupi

Zonse zimene munthu wadya zimadutsa m'ciwindi. Ciwindi cimayesa kuphwanya aflatoxin, koma pocita zimenezo cimamusandutsa cinthu coopsa koposa, cimene cimamatilila ku DNA ya maselo a ciwindico. Munthu akadya poizoni wambili panthawi yocepa, ciwindi cimalephela nchito: amasanza, amamva kupweteka m'mimba, maso amacita cikasu, miyendo ndi mimba zimatupa. Agalu amagwa msanga cifukwa ciwindi cawo sicilimba ndi poizoniyu, ndiponso amadya cakudya cimodzimodzi m'thumba limodzi tsiku lililonse.

Koma vuto lalikulu kwa anthu ndi la pang'onopang'ono, la zaka zambili. Thupi la munthu lili ndi jini lochedwa p53, mlonda amene amaletsa selo lowonongeka kuti lisaswane. Mu 1991 ofufuza anapeza kuti odwala khansa ya ciwindi ambili ocokela ku Mozambique ndi ku Qidong m'dziko la China anali ndi cilema pa malo amodzimodzi a jini limeneli, malo a nambala 249, ndipo aflatoxin ndiye amasiya cipsela cimeneco. Motelo majini a cuku akadzuka, amagoneka mlonda wa m'thupi la munthu. Kwa amene ali ndi kacilombo ka hepatitis B ngoziyo imakula kwambili, pafupifupi ka 30 kuposa kwa munthu amene adya poizoniyu alibe kacilomboko. Khansa ya ciwindi imayenda mwakacetecete, ndipo ambili amafika ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital matenda atapita kale patali.

Ana nawonso sasiyidwa. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wofalitsidwa mu 2002 anaonetsa kuti ana opinimbila anali ndi aflatoxin wambili m'magazi kuposa ana okula bwino. Izi siziyenela kucititsa mayi kuleka kuthila nsinjilo m'phala la mwana. Nshawa ndi cakudya comanga thupi cimene mwana afunika. Cofunika ndi kusankha nshawazo.

Zimene banja la m'tauni lingacite

Moto wa pa mbaula sungamuthe aflatoxin. Madzi amawila pa madigili osapitilila 100, pamene poizoniyu amafuna kutentha kopitilila madigili 200 kuti awonongeke. Kukazinga nshawa kumacepetsako poizoni, koma sikumucotsa yense. Conco nkhondo yake imamenyedwa cakudya cisanafike pamoto.

Pogula nshawa pa msika wa Kabwata, wa Chelstone kapena pa City Market, ndi bwino kugula zathunthu ndi kusinja kunyumba. Nsinjilo ndi ciponde zogula zopela kale sizionetsa kuti munalowa nshawa zotani, ndipo wogulitsa wosakhulupilika amapela zomwe zija zimene sakanatha kugulitsa zathunthu. Nshawa zonyala, zosweka, zobooka, zosintha mtundu ndi zowawa ziyenela kutayidwa. Poizoni sagawanika mofanana. Njele zocepa zoipa ndizo zimanyamula wambili, motelo mphindi khumi za kusankha pa lichelo zimacotsa gawo lalikulu. Cizolowezi cowaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe potongola n'coipa zedi, pakuti cimapatsa cuku madzi amene cinali kusowa.

Mabanja ambili a mu Lusaka amalandila matumba a cimanga ocokela kwa abale ku Chipata, Petauke kapena Mumbwa. Cimanga cotele ciyenela kuuma bwino cisanasungidwe. A Food Reserve Agency amagula cimanga cinyontho cake cikatsika kufika pa 12.5 pelesenti. Pa nyumba palibe makina oyezela, koma pali njila yosavuta: kuika njele m'botolo louma pamodzi ndi mcele wouma, kutseka ndi kukhutchumula. Mcele ukamamatila m'mbali mwa botolo, cimangaco cikali ndi madzi ndipo ciyenela kuyanikidwanso, pa mphasa kapena pa tenti, osati pa dothi. Thumba lisakhudze simenti kapena cipupa; likhale pa matabwa. Galaji ya malata yotsekeka ku Woodlands, m'miyezi ya November mpaka March pamene kutentha ndi cinyontho zakumana, ndi malo amene cuku cimakonda. Anankafumbwe nawonso aphedwe, cifukwa mabowo awo ndi makomo a cuku. Unga wogula m'sitolo usagulidwe woculuka kuposa umene banja lingathe m'mwezi umodzi, ndipo wocita zibuma kapena wonunkha cinyontho ubwezedwe.

Kukonola cimanga kumacepetsa poizoni, cifukwa wambili amakhala ku khungu ndi ku mtima wa njele. Koma ndiye kuti amasonkhana mu gaga. Gaga wa cimanga cowola sayenela kupatsidwa nkhuku, agalu kapena ng'ombe za mkaka; ng'ombe ikadya poizoniyu, gawo lina limatulukila mu mkaka. Cimanga cowola sicisanduka cabwino pocifulula mowa. Cikwililidwe kapena citenthedwe.

Mwana aliyense alandile katemela wa hepatitis B, amene amapelekedwa pamodzi ndi akatemela ena ku sikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Wamkulu angapemphe kupimidwa magazi kuti adziwe ngati ali ndi kacilomboka, makamaka ngati m'banja munafapo munthu ndi matenda a ciwindi.

Aflatoxin alibe mankhwala omusukulutsa m'thupi. Ku cipatala amathandiza ciwindi kuti cipilile ndi kuletsa wodwala kudyanso cakudya coipaco. Ngati galu kapena nkhuku zayamba kufa pa nyumba, ndipo anthu awili kapena atatu odya m'mphika umodzi ayamba kusanza kapena kucita cikasu m'maso, onse apite msanga ku kiliniki, ku cipatala ca Chilenje kapena ca Levy Mwanawasa. Anyamule unga wocepa wa m'thumba limene akudya, pamodzi ndi cikwama cake colembedwa dzina ndi deti, kuti a zaumoyo akaupime ndi kulondola kumene unacokela.