Mphepo ya ku Congo ndi Nthawi Yobzala ku Ndola

Alimi anzathu a ku Northrise, ndi inu nonse amene muli ndi minda ku Misundu, ku Masaiti ndi m'mbali mwa mtsinje wa Kafubu, phunziro lathu la sabata ino likunena za mphepo. Chaka ndi chaka timaona anthu akuthamangira kumunda ndi mbewu yogula ndi ndalama zambiri pamene mvula yoyamba yangonyowetsa fumbi. Pakapita masiku khumi chimanga chamera, dzuwa lachiwauka, ndipo mwini munda ayambanso kufuna mbewu ina. Munthu wodziwa kumene mvula yathu imachokera sataya mbewu yake chotero.

Mphepo zimene zimalamula nyengo ya kuno ku Migodi, zazikulu zake ndi ziwiri. Yoyamba imachokera kummwera chakummawa, ku nyanja yaikulu ya Indian. Imanyamuka ndi chinyezi ndithu, koma ulendo wake ndi wautali, ndipo madzi ake imawasiya pa mapiri a ku Mozambique, ku Zimbabwe ndi ku Malawi. Inu ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje mukuidziwa bwino, pakuti ndiyo imabweretsa chiperoni kwanuko. Pofika ku Ndola imakhala itauma. Ndiyo imaomba kuyambira Meyi kufikira Seputembala, nthawi ya fumbi ndi milomo yong'aluka.

Yachiwiri imachokera kumpoto chakumadzulo. Imeneyi imayambira ku nyanja ya Atlantic, nidutsa pamwamba pa nkhalango zonyowa za ku Congo, nimwa chinyezi njira yonse. Anthu odziwa zanyengo amaitcha mphepo ya ku Congo, ndipo ndiyo mwini wake wa mvula yathu.

Nanga chimaiitana n'chiyani? Ndi dzuwa. Chakumapeto kwa Okutobala dzuwa limafika paliwombo penipeni pa Ndola. Nthaka imatentha, mpweya wotentha umakwera kumwamba, ndipo mphepo za kumbali zimathamangira kudzatseka malo amene wasiya. Pamene mphepo yonyowa ya ku Congo ikumana ndi youma ija, mpweya umakankhidwira m'mwamba, nuzizira, nusanduka mitambo yakuda ya mabingu. Malo okumanirana amenewa sakhala pamodzi. Amatsika pang'onopang'ono kuchokera kumpoto: ku Mwinilunga mvula imayamba msanga, kenaka ifika ku Solwezi, ku Kitwe ndi ku Ndola, ndipo ku Livingstone imafika mochedwa nichokako msanga. Ndicho chifukwa chake ife, amene tili pafupi ndi malire a Congo, timalandira mvula ya mamilimita ngati 1,200 pa chaka, pamene a ku Livingstone amalandira ngati 700 okha.

Tsono mvula ya mu Okutobala ija, imene makolo anaitcha chizimalupsa, imagwa mphepo ya ku Congo isanakhazikike. Ndi ya kutentha kwa tsiku limenelo basi: igwa ku Northrise, ku Lubuto kuli gwa. Musabzale nayo. Yang'anani utsi wa pamoto ndi kumene mitambo ikuchokera. Mukaona kuti mphepo yatembenuka, usiku kukuchita chifundizi, ndipo mvula yagwa masiku awiri kapena atatu otsatizana, tengani khasu mukumbe. Ngati chinyontho chalowa kupitirira kutalika kwa chikhato chanu, bzalani. Zaka zambiri zimenezi zimachitika pakati pa Novembala. Mverani ndithu zimene a Zambia Meteorological Department amalengeza pa wailesi dzinja lisanayambe.

Pali zaka zina pamene mphepo yonyowayi imabwerera kumpoto pakati pa dzinja. Zinatero mu 2024, chaka cha El Niño: ng'amba inagwira mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chili pafupi kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Ngakhale kuno ku Migodi minda ina inapsa. Kagawo ka chinangwa kapena mbatata m'mbali mwa chimanga si chinthu chochititsa manyazi.

Mvula yambiri ili ndi msonkho wake, ndipo apa ndipo abale athu ochokera ku Petauke ndi ku Katete amalakwa kawirikawiri, pakuti amalima monga analimira kwawo. Madzi ochuluka amatsuka chakudya cha m'nthaka nachitsitsa pansi pomwe mizu siifika, ndipo nthaka imasanduka yowawasa. Mukhoza kuthira feteleza thumba pa thumba, chimanga n'kukhalabe chachikasu. Mankhwala ake ndi laimu, ndipo mwala wake umakumbidwa konkuno ku Ndola. Funsani mlangizi ayese nthaka yanu asanakuuzeni muyeso. Feteleza wobereketsa mugawe pawiri, kuti mvula ya tsiku limodzi isamutenge yense. Posankha mbewu, kumbukirani kuti dzinja lathu ndi lalitali, lofika mu Epulo. Chimanga chocha msanga chimakhwima mvula ili mkati, ndipo chimaola pa phesi.

Mawu otsiriza ndi a inu a madimba. Ndola ali pamtunda wa mamita ngati 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya umazizira munthu akamakwera. N'chifukwa chake kuno sikutentha monga ku Chirundu kapena kuchigwa cha Luangwa. Mu Juni ndi Julayi, usiku wopanda mitambo, mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi nukagona m'madambo. Matimati ndi nyemba zobzalidwa pansi penipeni pa dambo zimapsa ndi chisanu usiku umodzi. Zimenezi muziike chakumtunda, pansipo musiyire kabichi ndi repu.