Foni Usiku: Phunziro la Friction pa Nkhani ya Kudziletsa

Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 3 anasinza m'kalasi yanga piriyodi yoyamba isanathe. Nditamufunsa, anayankha moona mtima: "Aphunzitsi, ndimangofuna kuonera kavidiyo kamodzi basi." Anagona 1 koloko usiku. Sindinamukalipire, poti nanenso zinandichitikirapo. Koma tidzifunse: n'chifukwa chiyani munthu wanzeru, wodziwa kuti MSCE ikubwera, amalephera kuika foni pansi?

Zomwe zimachitika mu ubongo

Mu ubongo muli kemikolo yotchedwa dopamine, imene imatipatsa chilakolako chotsata chinthu. M'zaka za m'ma 1990, wasayansi Wolfram Schultz anayeza maselo otulutsa dopamine mu ubongo wa anyani. Poyamba maselowo ankachangamuka nyani akalandira madzi otsekemera. Nyani atazolowera kuti chizindikiro china, monga kuwala, chimabwera madziwo asanafike, maselo anayamba kuchangamuka pongoona chizindikirocho. Ndiye foni yanu ikangolira kapena kuwala, ubongo wayamba kale kulakalaka, inu musanaganize n'komwe.

Palinso zimene B.F. Skinner wa ku Harvard anapeza pa nkhunda. Iye ankaziika m'bokosi momwe zinkajompha kabatani kuti zipeze chakudya. Chakudya chikamabwera mosadziwika, mwina pano mwina patsogolo, nkhunda zinkajompha mosalekeza. Mukamaseweretsa chala pa TikTok kapena Facebook, mavidiyo ambiri amakhala osakoma, koma mwina lotsatiralo likhala loseketsa. "Mwina" ameneyu ndiye amakugwirani. Kubetcha mpira kumakola anthu mwa njira yomweyi.

Chomaliza: mbali ya kutsogolo kwa ubongo, prefrontal cortex, yomwe imagwira ntchito ngati mabuleki, imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Pa msinkhu wanu injini ndi yamphamvu, koma mabuleki akadali kukula. Chimenechi si chowiringula ayi. Ndi chifukwa choti muchenjere.

Tibwerere ku fizikisi

Mukukumbukira lamulo loyamba la Isaac Newton, lomwe linasindikizidwa mu 1687, eti? Chinthu chimene chikuyenda chimapitirizabe kuyenda pokhapokha mphamvu ina itachiletsa. Ubongo si mpira wogubuduka, ichi ndi chifanizo chabe, koma chikutithandiza. Njinga pa phula imathamanga mosavuta. Ilowetseni mumchenga, iima yokha ngakhale osagwira mabuleki. Mphamvu yoletsa kuyenda imeneyi ndi ija timaitcha friction.

Ambiri amaganiza kuti kudziletsa ndi kulimbana ndi chilakolako foni ili m'manja, 11 koloko usiku, mutatopa. Pamenepo muli ngati munthu wotsetsereka phiri ndi mabuleki osagwira bwino. Kudziletsa kwenikweni kumachitika masana, mutu uli bwinobwino, pomwe mumathira mchenga pa njira ya chizolowezicho.

Walter Mischel wa ku Stanford anaona zofanana ndi izi cha m'ma 1970. Ana aang'ono ankauzidwa kuti akadikira alandira chakudya chimene amachikonda kwambiri. Chakudyacho chikakhala poonekera, ana ankagonja msanga. Chikachotsedwa pamaso pawo, ankadikira nthawi yaitali. Kusiyana kunali pa zimene maso awo ankaona.

Thirani mchenga

1. Foni isagone nanu. Ikakwana 9 koloko, apatseni amayi, abambo kapena achemwali kuti akusungireni. Kupita kukagogoda kuchipinda kwawo pakati pa usiku, imeneyo ndiye friction yeniyeni.
2. Zimitsani manotifikeshoni. Mwachotsa chizindikiro chija chimene chinkadzutsa dopamine mwa anyani.
3. Nthawi ya mayeso, chotsani apu imene imakudyerani nthawi. Kuti muibwezeretse mudzafunika bandulo ndi nthawi, ndipo mphindi zimenezo zimakwana kuti maganizo abwerere.
4. Pa zinthu zabwino chitani mosemphana: chepetsani friction. Siyani buku lotsegula patebulo, cholembera pambali, funso loyamba mutalisankha kale.

Zonsezi n'zofunika chifukwa akatswiri a za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Ndi nthawi ya tulo pomwe ubongo umakhazikitsa zimene mwaphunzira masana. Mukadula tulo, mwaba pa zomwe munawerenga dzulo, komanso mawa mudzangokhala m'kalasi thupi lokha. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musayembekeze kusintha m'masiku atatu. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu omwe ankayamba chizolowezi chatsopano. Kwa munthu wapakatikati zinatenga masiku 66 kuti chizichitika chokha, ndipo ena anafunika nthawi yochepa, ena yaitali kwambiri. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunaononge zonse. Ndiye mukagwa Lachitatu, Lachinayi yambiraninso, osati kunena kuti "basi zandikanika".

Ntchito ya sabata ino

Tichite ngati asayansi. Kwa masiku 7, lembani ola limene mwagona ndi limene mwadzuka, osasintha kalikonse. Masiku 7 otsatira, foni igone kunja kwa chipinda chanu, n'kulembanso. Jambulani girafu: masiku pa x-axis, maola a tulo pa y-axis. Musanamize manambala, chifukwa mukhala mukudzinamiza nokha. Kenako ikani magirafu awiriwo pamodzi, muone zomwe akukuuzani. Inenso ndiyamba nanu limodzi Lolemba, ndipo foni yanga izigona pabalaza.