Mapiritsi 12 a m'thumba la jekete

Mnyamata wina wa kabaza anadzuka thupi likuphwanya, mutu ukuwawa, akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Kuchipatala anamubaya chala, ndipo anamupeza ndi malungo. Anamupatsa LA, mapiritsi 24, namuuza kuti amwe anayi pomwepo, anayi ena pakatha maola 8, kenako anayi m'mawa ndi anayi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Anamuuzanso kuti azimwa atadya. Mawu amenewa analowa khutu ili nkutulukira linalo. Wodwala malungo chakudya chimamukanika, choncho iye ankangomezera madzi, m'mimba mulibe kanthu.

Tsiku lachiwiri thupi linazizira. Anakwera njinga kukasaka ndalama, ndipo pamenepa sindimunena, chifukwa wa kabaza akagona tsiku limodzi ana amagona ndi njala. Chomwe chimandiwawa ndi mapiritsi 12 otsala, omwe anawasunga m'thumba la jekete kuti adzathandize mkazi wake akadzadwala. Patatha milungu iwiri anzake anamubweretsa kuchipatala atamugwirizira pa njinga, akusanza, miyendo ikukana kuima.

M'piritsi lililonse la LA muli mankhwala awiri, ndipo thupi silichita nawo mofanana. Artemether ndi wachangu. Amalowa m'magazi msanga nkupha tizilombo tambiri, koma chiwindi chimamuphwanya mofulumira moti pakatha maola ochepa amakhala atatha. Kumva bwino kwa tsiku lachiwiri kuja ndi ntchito yake. Mnzakeyo, lumefantrine, amabwera pang'onopang'ono ndipo amakhala m'magazi masiku angapo, kumalizitsa tizilombo tomwe tapulumuka. Amachulukira m'thupi nthawi iliyonse mukamwa, n'chifukwa chake kumwa kasanu ndi kamodzi konse kuli kofunika.

Vuto la lumefantrine ndi loti sasungunuka m'madzi. Kuti adutse khoma la matumbo nkulowa m'magazi, amafuna mafuta a m'chakudya. Akawasowa, gawo lalikulu limangodutsa nkutuluka ndi chimbudzi, munthu nkumaganiza kuti wamwa mankhwala. Mafuta ake sachita kufuna ambiri: kapu ya mkaka, phala lothira nsinjiro, peyala, ndiwo zotendera. Kwa mwana woyamwa, bere ndi lokwanira. Mnyamata uja anaphonya ponseponse: anamwa theka la mankhwala, thekalonso nkulowa moperewera. Tizilombo totsalato tinaswana mwakachetechete mpaka tinamugwetsanso.

Izi sizithera pa munthu mmodzi. Tizilombo tikamakumana ndi mankhwala operewera, tolimba ndi tomwe timatsala, udzudzu nkutipititsa kwa ena. Dziko la Malawi linasiya chloroquine mu 1993 atasiya kugwira ntchito, linasiyanso Fansidar mu 2007 pa chifukwa chomwecho, nkuyamba LA. Ku Rwanda ndi ku Uganda apeza kale tizilombo tomwe tikuchedwa kufa ndi mankhwala a gulu la artemether, ndipo nkhani imeneyi imandidetsa nkhawa kwambiri.

Wodwala akasanza atangomwa kumene, mapiritsiwo amakhala asanafike m'magazi. Amwenso ena, ndipo mubwerere kuchipatala akakupatseni olowa m'malo mwake kuti nambala ikwane. Ngati akusanza chilichonse, akukomoka kapena kubwebweta, pakamwa sipangadutsenso mankhwala. Thamangirani naye kuchipatala, komwe amabaya artesunate mumtsempha kapena mumnofu.